Dothi la pa Lichenya, madzi a mu Likhubula: aluminiyamu amamuyeza bwanji?

Mu 1924 Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la atsamunda, anapeza kuti dothi la pamwamba pa Lichenya m'phiri la Mulanje ndi bauxite, mwala umene amayengamo aluminiyamu. Chiyambire pamenepo phirili silinasowe alendo onyamula zokumbira. A Lonrho anaboola maenje oyesera pakati pa 1969 ndi 1972, a MET-CHEM a ku Canada anadzabwereza masamu ake mu 1993, ndipo chimene chimatchulidwa mpaka lero n'chakuti kumtundako kuli matani oposa 25 miliyoni a mwalawu, wokhala ndi alumina (gawo la mwalawu limene mumachokera aluminiyamu) pafupifupi magawo 43 pa 100 alionse. Nkhani ya mgodi ikangoyambanso, funso loyamba la anthu a ku Likhubula, pa Chitakale ndi m'midzi yomwa madzi a m'mipopi yochokera m'phiri limakhala limodzi: nanga madzi athu? Ena amati madzi adzasanduka poizoni, ena amati palibe chidzasinthe. Onsewa tsiku lina adzabwera ndi pepala la ku labotale m'manja, ndipo n'zotheka ndithu kuti mapepala awo adzasiyane kambirimbiri chonsecho palibe wanama.

Aluminiyamu si mlendo. Pa zinthu zonse zopanga nthaka ndi miyala ya dziko lapansi, iye ndi wachitatu kuchuluka, pafupifupi magawo 8 pa 100. Ali m'katondo, m'njerwa, m'fumbi la pamsewu wa ku Phalombe. Chimene chimatipulumutsa n'chakuti m'madzi wamba ndi waulesi kusungunuka. Madzi akakhala ndi pH (muyezo wa kuwawasa kwake) ya pakati pa 6 ndi 7, amene wasungunuka amakhala wochepetsetsa. pH ikatsika kupyola 5.5 amayamba kutuluka m'dothi, ndipo ikakwera kupyola 8 amasungunukanso, koma atavala zina. Bauxite wa pa Lichenya ndi mboni ya ulesi umenewu. Mvula ya zaka mamiliyoni inachapa mwala wa syenite, n'kukokolola zonse zosungunuka msanga, ndipo chimene chinakana kupita ndicho chatsala pamwambapo. Munthu akamva zimenezi asafulumire kunena kuti ndiye palibe vuto. Dothi limene silisungunuka limakokoloka, ndipo likalowa mumtsinje, wonyamula botolo amalitunga pamodzi ndi madzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mu thobwa muli shuga amene wasungunuka, mulinso nsenga zimene zimadikha pansi chigubu chikakhalitsa. Wofunsa kuti "muli zingati m'menemu" ayambe wanena ngati akuwerenga shuga yekha kapena ndi nsenga zomwe. Dongo la mtundu wa kaolinite, limene limapezeka kwambiri m'nthaka yofiira ya kwathu kuno, lili ndi aluminiyamu magawo 21 pa 100. Ndiye kuti madzi ovunduka pang'ono chabe, okhala ndi mamiligalamu 100 a dongo pa lita, anyamula mamiligalamu pafupifupi 20 a aluminiyamu, pamene wosungunukadi mwina safika ndi 0.1 yemwe. Madzi a mu Likhubula a mwezi wa September, amene pa Dziwe la Nkhalamba umaona mwala wapansi, ndi madzi a mtsinje womwewo usiku wa mvula ya February, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Amene anaona mitsinje ya m'phirili itasanduka phala la matope nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 safunika kuwafotokozera.

Akatswiri anagwirizana malire ongopangana: chimene chadutsa pa sefa ya timabowo ta mamaikolomita 0.45 achitcha chosungunuka. Kusefako kumayenera kuchitikira pamtsinje pompo. Woyeza amakoka madzi ndi sirinji yapulasitiki, amangirira kasefa kunsonga kwake, ataya madontho oyamba, kenako akankhira madziwo m'botolo lapulasitiki limene linagonekedwa m'asidi. Akatero ndiye amadonthezamo asidi wa nitric mpaka pH itsike pansi pa 2, kuti aluminiyamu asakakamire m'mbali mwa botolo paulendo. Dongosolo lake ndi lomwelo: sefa kaye, asidi pambuyo. Wotembenuza, n'kuthira asidi m'madzi amatope kuti akasefe mawa ku Blantyre, wapatsa asidiyo usiku wonse woti adye dongo, ndipo nambala imene adzapeze siidzakhala ya wosungunuka, siidzakhalanso ya yense. Idzangokhala nambala. Ine ndimaona kuti zolakwika zambiri pa ntchitoyi zimachitikira pamenepa, m'mphepete mwa mtsinje, makina a mamiliyoni asanayatsidwe n'komwe.

Sefayo nayonso si woweruza wangwiro. Tizidutswa ta dongo tochepetsetsa timapyola timabowo ta 0.45, moti madzi omwewo ukawasefa pa sefa ya 0.1 kawirikawiri umapeza nambala yotsikirapo. Sefa ikayamba kutsekeka ndi matope imagwira zambiri kuposa pamene inali yatsopano. Ndipo ngakhale amene wasungunukadi sali wa mtundu umodzi. Wina amayenda yekha, wina wagwirana ndi fluoride, wina wakumbatiridwa ndi zowola za masamba zimene zimapatsa madzi a m'madambo mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Kwa nsomba kusiyana kumeneku ndi kwa moyo ndi imfa, chifukwa woyenda yekhayo ndi amene amamatirira m'makha mwake madzi akawawasa, pamene womangidwa ndi zowola sapweteka kwenikweni. Mvula ya asidi itapha nsomba m'nyanja za ku Norway, Sweden ndi kumpoto kwa America, Charles Driscoll anasindikiza mu 1984 njira yolekanitsira mitunduyi: madzi amadutsa m'kapaipi kodzaza timikanda togwira aluminiyamu woyenda yekha, ndipo kusiyana kwa madzi olowa ndi otuluka ndiko kumanena kuchuluka kwa woopsayo.

Mdani wina ndi fumbi. Kakhungu ka fumbi kogwera m'botolo lotsegula, chivindikiro choikidwa pansi, magolovesi okhala ndi paudala, botolo lagalasi limene asidi amalinyambita mkati, zonsezi zimawonjezera aluminiyamu amene sanachokere mumtsinje. N'chifukwa chake woyeza wosamala amanyamula botolo lina la madzi oyeretsedwa kwambiri a ku labotale, n'kulitsegulira komweko, kuwasefa ndi sefa yamtundu womwewo ndi kuthiramo asidi yemweyo. Botolo limenelo likadzaonetsa aluminiyamu, ndiye kuti ulendo wonse uli ndi mlandu. Pepala la zotsatira losatchula za botolo lotereli ine ndimaliwerenga ndi diso limodzi.

Koma tikuyezeranji? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati malo aakulu oyeretsera madzi akhoza kusunga aluminiyamu pa mamiligalamu 0.1 pa lita kapena kutsikirapo, ndipo malo aang'ono pa 0.2. Manambalawa sanabadwire m'chipatala. Anachokera pa alamu, mchere wa aluminium sulphate umene amathira m'madzi ovunduka kuti matope agwirane n'kudikha. Alamu akachuluka kapena pH ikasokonekera, wina amatsalira m'madzi, kenako n'kukaundana m'mapaipi, anthu n'kuyamba kudandaula za madzi a mbuu. Poyang'ana thanzi lokha, WHO imati malire akanakhala cha m'ma 0.9. Tsono pa malo ngati a ku Nguludi, kumene Blantyre Water Board imayeretsera madzi a mu Likhubula, okwana makyubiki mita 20,000 patsiku monga mwa pulani ya ntchitoyo, kuyeza aluminiyamu wotsalira ndi njira yodziwira ngati mankhwala ogwirira matope akuthiridwa pamlingo. Zikalakwika kwambiri zimaoneka monga zinachitikira ku Camelford ku England mu July 1988, pamene matani 20 a alamu anakhuthulidwa m'thanki yolakwika n'kulowa m'mipopi ya anthu pafupifupi 20,000. Malo amene kadontho kamapha ndi ku chipinda chosefera magazi a odwala impso. Kumeneko madzi amakumana ndi magazi osadzera m'matumbo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 odwala ambiri anasokonekera ubongo mpaka kufa asanazindikire kuti gwero lake ndi aluminiyamu. Lero malire a madzi amenewo ndi mamiligalamu 0.01 pa lita.

Njira yakale, yotsika mtengo, ndi ya utoto. Pali mankhwala amene akakumana ndi aluminiyamu amasintha mtundu, ndipo kachipangizo kowalitsa nyali kupyola m'madziwo kamanena kuti mtunduwo wakula bwanji. Wodziwika kwambiri ndi eriochrome cyanine R. Woyeza amatenga madzi osefa aja, athiramo vitamini C pang'ono kuti atseke pakamwa ayironi ndi manganese, akhazikitsa pH pa 6, kenako athira utotowo. Madzi amene anali achikasu chofiirira amayamba kupita ku pinki. Amawerenga pa kuwala kwa mananomita 535 pasanathe mphindi 15, chifukwa ukachedwa mtundu umayamba kuzilala. Pambali pamakhala botolo lachiwiri la madzi omwewo lothiridwa EDTA, mankhwala amene amamanga aluminiyamu yense kuti utoto usamuone; mtundu wotsala m'botolo limeneli ndi wa madziwo eni ake, ndipo amauchotsera. Njirayi imaona bwino kuyambira mamiligalamu 0.02 mpaka 0.3 pa lita, ndendende pamene madzi akumwa amafunsira. Palinso pyrocatechol violet, amene amapereka mtundu wobiriwira ngati thambo ndipo ndiye maziko a muyezo wa ISO 10566, ndi aluminon wofiira, amene amapezeka m'timapaketi ta zida zoyenda nazo.

Chofooka cha utoto n'chakuti umaona aluminiyamu yekhayo amene wavomera kugwirana nawo. Fluoride amamukaniza, choncho m'madzi a m'mijigo ya ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene fluoride amachuluka, nambala imatsika popanda chochenjeza. Ayironi amachita zosiyana, amadzionetsa ngati aluminiyamu n'kukweza nambala, ndipo m'dziko la dothi lofiira ayironi sasowa. Amene anapeza mankhwala ake pa njira ya aluminon ndi E. M. Chenery, mu 1948, pothiramo asidi wa thioglycolic.

Dzina la Chenery likutifikitsa m'minda ya tiyi, ndipo pano ndipatuke pang'ono, chifukwa ku Mulanje sungakambe za aluminiyamu n'kulumpha tiyi. Mu 1955 iye anasindikiza kafukufuku wa aluminiyamu m'chitsamba cha tiyi. Mbewu zambiri, chimanga chomwe, mizu yake imapinimbira m'dothi lowawasa chifukwa cha aluminiyamu wosungunuka, koma tiyi ndiye amasangalala momwemo, pa pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, mpaka ku nazale dothi likakhala losawawasa mokwanira amalithira alamu kapena safa. Chitsambacho chimamwa aluminiyamu n'kumusunga m'masamba. Masamba okalamba apezekapo ndi mamiligalamu 30,000 pa kilogalamu. Nsonga zanthete zimene amayi ndi abambo amathyola m'maesiteti zimakhala ndi wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Komabe tiyi wofulula kawirikawiri amakhala ndi mamiligalamu 1 mpaka 6 pa lita, kutanthauza kuti kapu ya m'mawa imaposa kangapo malire a madzi a pampopi. Anthu sagwa nayo chifukwa matumbo amalowetsa m'magazi gawo losafika ndi 1 pa 100 yemwe. Ukayeza tiyi yemweyo ndi utoto osayamba wamuphika m'asidi, udzapeza wochepa, poti fluoride ndi zowawa za m'masamba zamumanga kale. Kwa ofufuza a Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa, funso limakhalanso lina: osati aluminiyamu yense wa m'dothi, koma amene mizu ingakumane naye, ndipo ameneyo amamutulutsa pokhutchumula dothi m'madzi a mchere wa potassium chloride.

Makina aakulu sasamala kuti aluminiyamu wagwirana ndi yani, amaotcha zonse. Atomic absorption, imene Alan Walsh anailongosola ku Australia mu 1955, imapopera madzi m'lawi la moto n'kuona kuchuluka kwa kuwala kwa mananomita 309.3 kumene kwamezedwa. Lawi la acetylene ndi mpweya wamba silimutha aluminiyamu, limafunika la nitrous oxide lotentha kwambiri, ndipo ngakhale pamenepo limayamba kuona cha m'ma mamiligalamu 0.1 pa lita, moti pa madzi akumwa n'kungotaya gasi. Kang'anjo ka graphite kamatenga kadontho kamodzi n'kuona mpaka mamaikologalamu ochepa pa lita, koma kamanjenjemera ndi fumbi lililonse. Pamwamba pa onse pali ICP, lawi la mpweya wa argon lotentha madigiri oposa 6,000: mtundu wina umawerenga kuwala kumene aluminiyamu amatulutsa pa 396.15, wina umawerenga maatomu ake pa kulemera kwa 27, ndipo pa mphindi zochepa umaperekeratu ndi mtovu, ayironi, arsenic ndi zina zambiri. N'zokoma kumva. Koma makinawa amadya argon, amafuna magetsi osaphethira, madzi oyerekezera ogula kunja ndi ndalama zakunja, ndi mmisiri amene nthawi zambiri amachita kukwera ndege. Maganizo anga ndi akuti pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, kachipangizo ka utoto m'manja mwa munthu wodziwa kusefa kamaposa ICP yolandira mabotolo otungidwa mwachisawawa. Makina aakulu akhale otsimikizira, mabotolo ena azipita kawiri, kuno ndi uko, kuti tione ngati manambala akulankhulana.

Tikachoka m'madzi n'kulowa m'zitsulo, vuto limatembenuka. M'madzi timasaka kadontho. Mu poto wa pamsika wa Limbuli aluminiyamu ndiye mwini nyumba. Ku mafakitale amapala chitsulocho kuti chisalale, achiombetsa kamphezi ka magetsi, n'kuwerenga kuwala kotuluka. Pa masekondi ochepa adziwa silikoni, kopa, magnesium ndi zina, ndipo aluminiyamu amangomupeza pochotsera pa 100. Kamfuti ka XRF kamene ogula zitsulo zakale amaloza pa katundu kamaona bwino zitsulo zolemera monga mtovu, koma pa aluminiyamu, amene ndi wopepuka, maso ake ndi ofooka. Njira zakale za ku labotale zikadalipo ndipo sizifuna zambiri. Umasungunula tizipalo ta chitsulo m'asidi wa hydrochloric, uthira ammonia mpaka patuluke zoyera zotelereka, uzisefa, uziotcha kupyola madigiri 1,100, n'kuyeza pa sikelo: ufa wotsalawo ndi alumina, ndipo magawo 52.9 pa 100 ake ndi aluminiyamu. Ayironi ndi titanium amatsika naye limodzi, choncho amafunika kuwayeza padera. Kapenanso uthira EDTA wopyola mlingo, uwiritsa, n'kuwerenga wotsalayo ndi madzi a zinki dontho ndi dontho mpaka mtundu utembenuke. Pa chitsulo cha pulawo kapena cha mlatho aluminiyamu amabwereranso kukhala kadontho, magawo 0.02 mpaka 0.05 pa 100, ndipo amisiri amalekanitsa wosungunuka m'asidi ndi wosasungunuka, chifukwa woyambayo amalimbitsa chitsulo pamene wachiwiriyo ndi zinyalala.

Kwa mayi wophika, funso si lakuti poto ali ndi aluminiyamu wochuluka bwanji, koma kuti ndi zingati zimene zikulowa mu ndiwo. Jeffrey Weidenhamer ndi anzake anayesa mapoto oumbidwa kuchokera ku zitsulo zakale, poyamba a ku Cameroon mu 2014, kenako a m'maiko khumi mu 2017, powiritsamo madzi a viniga kwa maola awiri. Aluminiyamu anatuluka wambiri, koma chimene chinaopsa kwambiri ndi mtovu wochokera m'zidutswa za injini ndi zina zimene osula amaponya m'ng'anjo. Matimati, chidede ndi thobwa losasa zimadya poto. Thelere lothira soda nalonso limamudya, kuchokera mbali inayo ya pH.

Tibwerere kumtunda. Magawo 43 aja ndi alumina yense. Amamupeza popera mwala, kuusungunula ndi lithium borate kuti ukhale kagalasi kobulungira, n'kukaika mu XRF yaikulu ya ku labotale. Koma woyenga sagula yense. Njira ya Bayer, imene yakhalapo kuyambira 1888, imaphika bauxite mu soda wa caustic, ndipo imatulutsa mosavuta amene ali mu gibbsite, mwala umene ndiwo wochuluka pa Lichenya. Amene ali m'dongo la kaolinite satuluka, ndipo choipa kwambiri, silika wa m'dongolo amadya soda n'kubanso alumina wina. N'chifukwa chake amatenga mwala wopera, kuutsekera m'kabotolo kachitsulo ndi soda pa madigiri pafupifupi 145, n'kuyeza manambala awiri: alumina wopezeka ndi silika wolusa. Phindu la mgodi limagona pa awiriwa, osati pa 43. Wina akamawerengera anthu mabiliyoni a m'phiri pochulukitsa matani ndi mtengo wa aluminiyamu ku London, mufunseni manambala amenewa, mumukumbutsenso kuti tani imodzi ya aluminiyamu imadya matani 4 kapena 5 a bauxite ndi magetsi pafupifupi mayuniti 14,000.

Zotsalira za kuphikako ndi matope ofiira a pH yofika 13, ndipo pa pH yotere aluminiyamu waulesi uja amasungunuka mosavuta. Ku Ajka m'dziko la Hungary damu la matope otere linaphulika mu October 2010, linapha anthu 10 ndi kuwononga zamoyo za mumtsinje wa Marcal. Choncho kukumba ndi kuyenga ndi zoopsa ziwiri zosiyana, ndipo zimaoneka pa miyezo yosiyana. Kukumba pamwamba pa phiri kungaonekere poyamba pa kuvunduka kwa madzi ndi pa aluminiyamu yense, wosungunuka atangokhala chete. Woyeza madzi osefa okha akhoza kulemba kuti zonse zili bwino pamene mathanki a m'midzi akudzaza matope. Kuyenga kungaonekere pa pH ndi pa wosungunukayo.

Phiri la Mulanje lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu July 2025 UNESCO inalilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Zimenezi zalemeretsa mbali imodzi ya mkangano, koma mwalawo ukadali pomwepo ndipo ofuna kuukumba sadzatha. Chimene ndingakonde kuona, kaya mgodi udzabwera kaya ayi, ndi kaundula wa madzi wolembedwa panopa phiri lisanakhudzidwe: malo okhazikika pa Lichenya, Likhubula, Ruo ndi Thuchila, kumtunda ndi kumunsi kwa minda ya tiyi, mwezi uliwonse kwa zaka zingapo, kuphatikizapo masiku a chigumula amene woyeza amafuna kukhala m'nyumba. Pa malo alionse mabotolo awiri, losefa ndi losasefa, pamodzi ndi pH, fluoride ndi kuvunduka kwa tsikulo. Anthu oti agwire ntchitoyi alipo ku Zomba, kumene kuli University of Malawi ndi nthambi ya Geological Survey, ku MUST pa Ndata, ndi ku Malawi Bureau of Standards. Otunga akhoza kukhala a makomiti a madzi a m'midzi momwemo, ataphunzitsidwa sirinji ndi sefa, ndipo zotsatira zake zizimatidwa pa bolodi la ku khonsolo pa boma ndi kwa mafumu, mfumu ya ku Likhubula izikhala ndi kope lake.